Napolo wa Chipale: Mmene Mungayendere M'mapiri a ku Scotland Chisanu Chikamayamba

Munthu amene anakulira m'tsinde mwa Mulanje akamva kuti phiri lalitali kuposa onse ku Britain, Ben Nevis, ndi la mamita 1,345 okha, amayamba waseka. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye kaphiri aka kangatiuze chiyani? Amalawi ambiri amene tili ku Glasgow, Edinburgh ndi Aberdeen, kaya pa sukulu kaya pa ntchito, tinafika ndi mtima womwewo. Disembala akangolowa, mapiri akayera mbuu, anzathu a kuntchito amatiitana kuti tikakwere, ndipo timavomera.

Kukwera si kolakwika. Vuto ndi loti kwathu tinaphunzira kuopa mvula, nkhungu ya chiperoni ndi miyala yoterera, koma chipale chofewa, chimene ambiri timangoti sinowo, sitinaphunzire kuchiwerenga. Chipale chikagumuka n'kutsetsereka ndi phiri, eni dziko amati avalanche. Ine ndimati ndi Napolo wa chipale, chifukwa amene anamva za ku Phalombe mu Malichi 1991, kapena anaona zimene phiri la Soche linachita ku Chilobwe mu 2023, akudziwa mmene phiri limasunthira. Kusiyana kwake ndi kumodzi, ndipo ndi kwakukulu: Napolo wa kwathu amabwera yekha, pomwe wa chipale, mwa ngozi khumi zilizonse zopha anthu, pafupifupi zisanu ndi zinayi amamudzutsa ndi wophedwayo kapena mnzake wa pagulu lomwelo. Ndiye kuti pali zambiri zimene mungachite.

Yambani ndi kudziwa chimene chimagumuka

Chipale cha paphiri si mulu umodzi. Chimagwa lero, chimagwanso mkuja, mphepo n'kuchisuntha, dzuwa kapena mvula n'kuchisungunula pamwamba, usiku n'kuundana. Zonsezi zimasiya magawo oyalana, lina pamwamba pa linzake, ena olimba, ena ofewa. Chimene chimapha anthu kawirikawiri ndi gawo lolimba ngati chitseko limene lagona pa gawo lofooka, losagwirana. Taganizani chitseko choikidwa pa nyemba zouma pamalo otsetsereka. Chikhoza kukhala pompo tsiku lonse osasuntha. Mukangopondapo, chapita, inu muli pamwamba pake.

Ku Scotland, mmisiri wamkulu wa chitseko chimenechi ndi mphepo. Pamwamba pa phiri la Cairn Gorm anayezapo mphepo ya mamailosi 173 pa ola mu Malichi 1986, koma sipafunika yotero. Ya mamailosi 15 pa ola yakwana kale kunyamula chipale chatsopano. Imachita zimene imachita amayi akamapeta: imachotsa zopepuka kumene ikuwomba n'kukaziunjika kuseri. Mbali ya phiri yoyang'anizana ndi mphepo imatsala yopalidwa, miyala ndi udzu zili poyera, pomwe kuseri kwa msana wa phiri, m'makwawa ndi m'maenje, chipale chimatsenderezeka n'kukhala chitseko chija, chimene amachitcha windslab. Mphepo ya ku Scotland imakonda kuchokera kumwera chakumadzulo, choncho mbali zoyang'ana kumpoto ndi kum'mawa ndi zimene zimasenza katunduyu kawirikawiri. Koma mphepo ikatembenuka kwa tsiku limodzi, katundu amasamukiranso kwina.

Apa ndi pamene chiyambi cha chisanu chimapusitsira anthu. Mu Novembala ndi Disembala chipale chimakhala chochepa, munthu uli pa galimoto n'kumaona udzu paphiri, n'kumati palibe choopsa. Chochepa chomwecho mphepo yachisonkhanitsa malo ochepa, ndipo malo ake ndi omwe njira zambiri zimadutsa.

Pali chinanso chimene chimakonda chipale chopyapyala. Nthaka ya pansi pa chipale imakhala pafupi ndi madigiri 0, pamene pamwamba, usiku wopanda mitambo, pamatha kufika -9 kapena kutsikirapo. Ngati chipalecho ndi cha masentimita 30 okha, ndiye kuti pa masentimita 10 alionse pali kusiyana kwa madigiri atatu. Kusiyanaku kukangopitirira digiri imodzi pa masentimita 10, chinyezi chimayamba kukwera m'kati mwa chipale ndipo timibulu take timasintha n'kukhala ngati shuga wa m'paketi. Mukatapa m'manja kuti muumbe kampira, samagwirana, amangoyoyoka. Chipale chatsopano chikadzagwa pamwamba pa shuga ameneyu, msampha watcheredwa, ndipo ukhoza kukhala milungu ingapo. Ku mapiri a Alps a ku Ulaya ndi ku mapiri a Colorado ku America limeneli ndi vuto la chaka ndi chaka. Ku Scotland kafunde-funde wobwera pafupipafupi amalichotsa, koma kukazizira masiku ambiri motsatizana limapezeka ndithu.

Masiku atatu musananyamuke

Ulendo wa Loweruka umayamba Lachitatu, pa foni. Tsegulani zolosera za nyengo za m'mapiri, za Met Office kapena za Mountain Weather Information Service. Za mumzinda zilibe ntchito, chifukwa mvula ya ku Fort William, tauni ya m'tsinde mwa Ben Nevis, ndi chipale pamwamba pa phirilo. Tsiku lililonse lembani papepala zinthu zitatu: ngati kwagwa chipale, kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, komanso msinkhu wa phiri umene madzi akuyambira kuundana. Pofika Lachisanu madzulo mukhala mukudziwa kale mbali ya phiri imene yasenza.

Kenako werengani lipoti la Scottish Avalanche Information Service, kapena kuti SAIS. Bungweli limatumiza anthu ake kuphiri tsiku lililonse m'madera asanu ndi limodzi: Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh, Northern Cairngorms, Southern Cairngorms ndi Torridon. Malipoti a tsiku ndi tsiku amayamba chapakati pa Disembala mpaka chapakati pa Epulo. Chipale sichidikira kalendala imeneyi. Ngati mukupita kumapeto kwa Novembala, kapena ku phiri la kunja kwa madera amenewa, wolosera ndinu nomwe, ndipo kapepala kaja ndiye lipoti lanu.

Lipoti limagwiritsa ntchito muyeso wa masitepe asanu umene mayiko a ku Ulaya anagwirizana: Low, Moderate, Considerable, High ndi Very High, ndi mitundu yobiriwira, yachikasu, yalalanje, yofiira ndi yakuda. Mtundu wofiira suvuta, aliyense amakhala pakhomo. Umene umatha anthu ndi walalanje, sitepe yachitatu. Chifukwa ili pakati, munthu amaganiza kuti ndi ngozi ya pakatikati, chonsecho tanthauzo lake ndi loti munthu mmodzi yekha akhoza kugumula chipale mosavuta. Ku Alps pafupifupi theka la imfa za mtunduwu zimachitika pa sitepe imeneyi. Ngati ndi chaka chanu choyamba, walalanje muziwutenga ngati wofiira.

Musathere pa mtundu wokha. Pa lipoti pali chithunzi chozungulira ngati kampasi, chosonyeza mbali za phiri zimene zili zoopsa komanso kuyambira pa msinkhu uti. N'kutheka kuti mbali ya kumpoto chakum'mawa, kuyambira mamita 800, ili yalalanje, pamene ya kumwera chakumadzulo ili yobiriwira. Phiri limodzi, tsiku limodzi. Werenganinso mawu a m'munsi mwa chithunzicho, ngakhale Chingerezi chake chili chouma, chifukwa ndi m'menemo momwe amanena ngati pansi pabisala gawo lofooka.

Yalani mapu patebulo

Chitseko cha chipale chimatsetsereka kwambiri pa mtsetse wa madigiri 30 mpaka 45. Pansi pa 30 sichichitachita kuyamba. Ntchito yanu usiku wa Lachisanu ndi kupeza malo onse a panjira yanu amene afika 30. Pa mapu a Ordnance Survey a 1:25,000, mizere yokhuthala yosonyeza kukwera kwa phiri kumapiri imasiyana ndi mamita 50. Iwiri yotere ikayandikana mpaka mamilimita atatu ndi theka kapena kuchepera, mwafika pa 30. Tengani rula ndi pensulo, zungulizani malowo, kenako dzifunseni ngati malo ozungulizidwawo ayang'ana mbali imene mphepo yaunjikako chipale. Ngati yankho ndi inde, njirayo yafa.

Yang'ananinso zimene zili pamwamba panu ndi pansi panu. Mukhoza kumayenda pamalo athyathyathya koma pamwamba pali mtsetse wolemera. Ndipo chipale chochepa chimapha ngati pansi pali phompho, mtsinje kapena khwawa lopanikizika momwe chingaunjikane. Pa 14 Febuluwale 2013 anthu atatu anafera mu Chalamain Gap ku Cairngorms, mpata wopapatiza pakati pa zitunda ziwiri umene nthawi yotentha anthu amadutsa osaganiza kanthu. Chipale chinatsika m'mbali n'kudzaza mpatawo mamita angapo. M'malo otere mulibe kothawira.

Nkhani ina yondikhalabe m'mutu ndi ya tauni ya Lewes, kumwera kwa England, kumene kulibe n'komwe phiri loti n'kulitchula. Pa 27 Disembala 1836 chipale chimene mphepo inaunjika pamlomo pa chitunda chinagwera nyumba za m'munsi n'kupha anthu asanu ndi atatu. Mpaka lero palibe ngozi ya chipale ku Britain imene yapha anthu ochuluka kuposa imeneyi.

Njira yotetezeka kawirikawiri ndi ya pamsana pa phiri, kumbali imene mphepo yapala. Kumazizira, nkhope imawawa, koma pansi pamakhala polimba. Konzaninso njira yachiwiri, yaifupi, yotsika, ndipo mugwirizane ndi anzanu musanachoke pakhomo malo amene mukaime n'kusankha. Ikaninso nthawi yobwerera. Chakumapeto kwa Disembala ku Fort William dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko n'kulowa isanakwane 4 koloko, maola osakwana asanu ndi awiri. Anthu ambiri amalowa m'khwawa loipa madzulo chifukwa chothamangira kuwala.

Za m'chikwama

Zovala zofunda, tochi ya pamutu, mapu a pepala ndi kampasi, ice axe, kankhwangwa koyendera pa chipale, ndi ma crampon, zitsulo zamano zomangirira ku jombo, izi n'zosachita kufunsa. Za ngozi ya chipale ndi zitatu: transceiver, kachipangizo kovala pathupi m'kati mwa jekete kamene kamatumiza ndi kulandira siginolo pa 457 kHz; probe, ndodo yolumikiza yotalika mamita awiri ndi theka kapena kuposerapo yobayira m'chipale; ndi fosholo yachitsulo, osati yapulasitiki. Kunena zoona, oyenda pansi ambiri ku Scotland sanyamula transceiver, amanyamula kwambiri ndi a ski, masewera otsetsereka pa chipale. Maganizo anga ndi akuti ngati njira yanu ikudutsa kapena ili m'munsi mwa mitsetse ya madigiri 30, aliyense pagulu akhale ndi zonse zitatu, ndipo akhale atayeserera. Ngati ndalama sizikulola, musinthe njira, osati muyeso. Glenmore Lodge, pafupi ndi Aviemore, imaphunzitsa zimenezi, ndipo maphunziro a tsiku limodzi kapena awiri amaposa jekete yodula.

Musanachoke, tumizani uthenga wa mawu oti register ku 999 n'kutsatira yankho lake, kuti foni yanu izitha kupempha chithandizo pa meseji pamene netiweki ili yofooka. Uzaninso munthu wa pakhomo phiri limene mukupita ndi nthawi yoti ayambe kuda nkhawa.

Muli paphiri: maso, makutu ndi mapazi

Disembala wanga woyamba ndinapita ndi bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, mbadwa ya konkuno. Tinakwera maola awiri pa udzu wouma ndi miyala, chipale chongofika mu akakolo. Titafika pamsana pa phiri, ine ndinapatuka pang'ono kutsikira kuseri kuti ndibisale mphepo ndimwe tiyi. Mapazi khumi okha, chipale chinandifika m'ntchafu. Chinali chosalala, choyera mosawala ngati choko, ndipo chinkalira kwii kwii pansi pa jombo. Kenako mng'alu woonda ngati ulusi unathamanga kuchoka paphazi langa mpaka mamita angapo kumanzere. Bambo aja sanakuwe. Anangondiuza motsitsa mawu kuti ndibwerere m'mapazi anga omwe, pang'onopang'ono. Tiyi tinamwera pamphepo.

Zizindikiro zimene ndinaona tsiku limenelo ndi zomwe muyenera kufunafuna. Chipale chogumuka kumene pa mtsetse wina woyang'ana mbali yofanana ndi yanu ndiye chizindikiro chachikulu kuposa zonse. Ming'alu yothamanga kuchokera pamapazi. Zidutswa zosweka ngati mabisiketi mukaponda. Kulira kwa pansi ngati ng'oma, kapena kumva chipale chonse chikutitimira kamodzi n'kamodzi ndi phokoso loti fwuu, lomwe limatanthauza kuti gawo lofooka laphwanyika pansi panu. Chipale chouluka ngati utsi pamsana pa phiri, ngakhale kumwamba kuli kowala, chikukuuzani kuti kuseriko katundu akuwonjezeka pompano. Kutentha kobwera mwadzidzidzi kapena mvula yogwa pa chipale chatsopano nazonso zimamasula phiri, ndipo chipale chonyowa chimalemera koopsa.

Muziyenda mukubaya ndi chogwirira cha ice axe. Ngati chikulimba pamwamba kenako n'kulowa phwee mosavuta, pali chofewa pansi pa cholimba. Pa kamtsetse kakang'ono kopanda ngozi, dulani chipale ndi dzanja m'mbali zonse, kachidutswa ngati njerwa ziwiri, n'kukoka. Chikatsetsereka mosavuta n'kusiya posalala, mwaona nokha chitseko chija. Koma samalani ndi mayeso amenewa: akakuuzani kuti pali poipa, akhulupirireni, akakuuzani kuti pali bwino, musasinthe zimene lipoti lanena, chifukwa mamita asanu kutsogolo chipale chikhoza kukhala china.

Kuti mudziwe kutsetsereka kwa malo, imikani ndodo imodzi yoyendera chilili, ina muigoneke mopingasa, nsonga yake ikhudze phiri, mbali inayo ikhudze ndodo yoimayo. Ikakhudza pakati, muli pafupi ndi madigiri 27. Ikakhudza pamwamba penipeni, ndi 45. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali nkhani.

Pamphepete pa msana wa phiri mphepo imaumba mlomo wa chipale wolendewera pamwamba pa phompho, umene amautcha cornice. Uli pamwamba umaoneka ngati nthaka. Umathyokera kumbuyo kwambiri kuposa pamene munthu angaganizire, choncho yendani pamene mukuona miyala.

Mdani wotsiriza ndi gulu lomwe. Mwayendetsa galimoto maola atatu kuchokera ku Glasgow, mwapempha tchuthi, kutsogolo kuli mapazi a anthu ena amene adutsa kale. Mapazi amenewo sakutsimikizira kanthu, munthu wachisanu ndi amene angaponde pamalo popyapyala. Ndipo ife tili ndi chizolowezi chosatsutsa wamkulu kapena mwini ulendo. Ulemu umenewo usiyeni pa galimoto. Gwirizanani kuti mmodzi akangoti sindikumva bwino, gulu lonse libwerera popanda kukambirana.

Ngati palibiretu njira ina koma kudutsa mtsetse wokayikitsa, dutsani mmodzimmodzi, chakumtunda momwe mungathere, ena ataima pamalo otetezeka maso ali pa wodutsayo. Tsekani zipi zonse, chotsani manja m'zingwe za ndodo. Musaime pakati kujambula.

Chikagumuka

Ngati ndinu mwatengedwa, kuwani kuti anzanu akuoneni, tayani ndodo, yesetsani kuthawira kumbali kapena kugwira chilichonse cholimba. Limbanani kuti mukhale pamwamba. Chikayamba kuchepa liwiro, ikani mkono kutsogolo kwa nkhope kuti pakhale kampata kopumira, chifukwa chikangoima chimalimba ngati simenti ndipo ngakhale chala simungasunthe.

Ngati watengedwa ndi mnzanu, musamuchotse maso. Lozani ndi dzanja malo amene mwamuona komaliza, yang'anani kumtunda ngati kwatsala china choti n'kugwa, kenako yambani kufufuza nthawi yomweyo. Kafukufuku wa ku Switzerland anaonetsa kuti mwa anthu khumi okwiririka thupi lonse, asanu ndi anayi amapezeka amoyo akafukulidwa m'mphindi 15 zoyamba, koma pofika mphindi 35 amoyo amakhala atatu okha. Gulu lopulumutsa anthu m'mapiri, lomwe ku Scotland ambiri ake ndi anthu ongodzipereka, silingafike m'nthawi imeneyi. Mmodzi aimbe 999, apemphe Police kenako Mountain Rescue, ena onse ali pantchito. Ngati muli awiri okha ndipo palibe netiweki, musathamangire chithandizo, fufuzani kaye.

Aliyense asinthe transceiver yake kuti izilandira, apo ayi muzingopezana nokhanokha. Yambirani pamalo omaliza aja kutsika, maso akufunafuna golovesi, chipewa kapena jombo, ndipo chilichonse mwapeza chikokeni, mwina mwini wake ali pompo. Manambala a pa transceiver akafika pochepetsetsa, bayani ndi probe mozungulira, mipata ya masentimita 25. Mukamva chofewa ngati thupi, isiyeni probe ili chiimire. Musakumbe pamwamba pa munthuyo. Tsikani kumunsi mtunda wokwana kuya kwake kamodzi ndi theka, n'kukumba molowera kwa iye, mukusinthana pafupipafupi pafosholo. Mukamufika, yambani ndi nkhope, chotsani chipale m'kamwa ndi m'mphuno, masulani chifuwa. Ngati sakupuma, yambani CPR, chithandizo chotsindika pachifuwa ndi kupereka mpweya, kuyambira ndi kumuuzira mpweya.

Ngakhale mphindi zitapita, musaleke. Pa 29 Disembala 1998 chipale chinakwirira gulu la anthu asanu ndi awiri pa Aonach Mòr, pafupi ndi Ben Nevis. Anayi anamwalira, koma atatu anapezeka amoyo atagona m'chipale maola ambirimbiri.

Amene mwamufukula musamuimiritse kapena kumutikita manja ndi miyendo. Munthu wozizidwa kwambiri akagwedezedwa mtima ukhoza kuima. Mugonekeni pa zikwama kuti asakhudze chipale, mufunditseni zonse zimene muli nazo, mutchingireni mphepo, ndipo ngakhale akunena kuti ali bwino, aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika kunyumba, lembani zimene zachitika pa fomu ya pa intaneti ya SAIS, malo, nthawi, mbali imene mtsetse wayang'ana ndi msinkhu wake, ngakhale chitakhala kuti chagumuka osatenga munthu.